Mayi wa pa Mzere Wachitatu

Noreen Kiley anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa pulogalamu ya pa kanema ya "Chipongwe cha Lero", ndipo m'nyumba yonse yojambuliramo ya ku New York munalibe munthu ngakhale mmodzi amene iye ankamuwerengera. Andale obwera kudzacheza ankawaona ngati mbava zovala mataye. Olemba nthabwala ankawaona ngati ana amene anamera ndevu asanakhwime nzeru. Koma anthu mazana awiri amene ankandanda panja tsiku ndi tsiku, padzuwa kapena pachisanu, kuti adzaombe m'manja kwaulere, amenewo ndiye ankawatcha nkhosa, ndipo powatchula choncho sankatsitsa ndi mawu omwe.

Ntchito yake inali yokonza macheza. Mlendo asanakhale pa sofa, Noreen ankakambirana ndi anthu ake dzulo lake n'kugwirizana zonse: mafunso, mayankho, ngakhale malo oti mlendoyo achite ngati wadzidzimuka. Akatero ankalemba mafunsowo pa makadi a buluu n'kupereka kwa Gil Fenwick, mwini pulogalamu, amene America yonse inkamutama kuti ndiye mwamuna yekhayo wosaopa andale. Noreen ankadziwa chimene Gil ankaopa. Sanali andale, sanali Mulungu, koma kuti zii. Masekondi atatu akangodutsa popanda woseka, thukuta linkayamba kuboola ufa umene ankamupaka kumaso. Makadiwonso sankawawerenga nthawi isanakwane. Ankati kuwerengeratu kumapha nthabwala, koma unali ulesi basi.

Panalinso kachinyengo kena kamene Noreen anakayambitsa yekha, ndipo ankakanyadira. Anazindikira kalekale kuti nkhosa zija zimaseka zenizeni kujambula kusanayambe, pamene munthu wozitenthetsa akuzisereula. Pulogalamu ikayamba zimangoseka ngati zikulipira msonkho. Choncho analamula kuti kamera imodzi izijambula nkhope zawo kuyambira pachiyambi pomwe, ndipo nkhope zosekazo ankazisunga. Nthabwala ya Gil ikagwa chagada, ankatapa nkhope imodzi m'nkhokwemo n'kuimata pamenepo, dziko n'kumaona ngati anthu anafa nalo phwete.

"Kuseka kulibe tsiku," ankatero Noreen. "Amene waseka waseka, chimene waseka tisankha ndife."

Lachiwiri limenelo mlendo anali Bwanamkubwa Hollis Tandy, amene atatopa ndi kulamulira dera lake anayamba kulota upulezidenti.

"Tsitsi lokha mulinyoze mmene mungathere," anatero womuyankhulira wake pa foni dzulo lake. "Abwana amakondwa nazo, zimawaonetsa kuti ndi munthu ngati aliyense. Za galu wawo muwafunse. Kanema uja anagwa pa nsanja ku chionetsero cha zaulimi mumuonetse kawiri ngati mukufuna. Koma za zipatala ayi."

"Zipatala?" anatero Noreen. "Ife ndife anthu a nthabwala, achimwene. Chipatala chinaseketsapo ndani?"

Anaika foni pansi akunyansidwa. Andale onsewa ankabwera kudzanyozedwa ngati anthu opita kukabaya katemera: kulumidwa pang'ono lero kuti matenda enieni asadzawagwire mawa. Analemba makadi asanu ndi limodzi, a tsitsi, a galu ndi a nsanja. Kenako analemba lachisanu ndi chiwiri, limene sanauze munthu.

Pa ntchitopo palibe ankadziwa kuti Noreen anabadwira ku Cutler Bend, katauni ka m'dera la Tandy yemweyo. Kalankhulidwe ka kwawo anakachapa mpaka kanayera, ndipo ankagwiritsabe ntchito dzina la mwamuna amene anasiyana naye, chinthu chokhacho chaphindu chimene mwamunayo anasiya m'nyumba. Dzina lake lobadwa nalo linali Sadowski. Bambo ake, Leon Sadowski, anayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi atatu. Zaka zitatu zapitazo Tandy anasaina kalata yotseka chipatala cha ku Cutler Bend, akuti chinali chongowononga chuma cha boma. Patangopita miyezi inayi mtima wa Leon unavuta m'mawa wina akumwa khofi. Chipatala china chinali pa mtunda wa mamailosi makumi asanu ndi awiri, ndipo anatsirizikira mu ambulansi atangodutsa theka la ulendo.

Pa maliro Noreen analonjeza amayi ake kuti tsiku lina munthu ameneyu adzafunsidwa pamaso pa dziko lonse, ndipo dzina la Leon lidzatchulidwa. Anadikira zaka zitatu. Pa zonse zimene anachita m'nyumba ya mabodza ija, ichi chokha ndicho ankafuna kuti chikhale choona.

Amayi ake, Irene, anafika pa khomo lakuseri nthawi ya 3 koloko masana. Anayenda usiku wonse pa basi chifukwa ndege ankaiopa. Anavala diresi la buluu lija la pa maliro, atapanira chikwama chachikulu m'khwapa ngati mzinda wonse ukufuna kuwalanda.

"Wawonda iwe," anatero asanapereke ndi moni yemwe. "Kodi kuno sadya?"

"Amayi, mvetserani, nthawi ndilibe. Mukhala pa mzere wachitatu, mpando wa pakati. Pano palibe akudziwa kuti ndinu amayi anga, ndipo musauze munthu."

"Ndikuchititsa manyazi?"

"Si zimenezo. Akadziwa, funso lija alichotsa. Likamafunsidwa musalire, musalankhule, musadzuke. Muzingomuyang'ana basi, kumaso kwenikweniko. Mwamva?"

"Ndamva. Ndakhala ndikuyeserera pa galasi sabata yonse." Anaumitsa nkhope kuti amuonetse, ndipo Noreen anayang'ana kumbali. "Kumudzi ndawauza onse. Bambo mfumu alola kuti tiyatse kanema wamkulu uja wa mu holo ya tchalitchi. Kubwera a kwaya, kubwera anzawo a bambo ako a mabasi aja, ngakhale mnyamata uja ankayendetsa ambulansi wati abwera ndi mkazi wake. Akuti akufuna amve dzina la Leon likutchulidwa."

"Simunayenera kuuza anthu, Amayi."

"Nanga ndikanabisiranji? Unandilonjeza ndiwe."

Noreen anawapereka kwa wolondolera anthu m'mipando, kenako anapita kwa wa kamera yachinayi, ija ya nkhope za anthu. Anamulozera diresi la buluu n'kumuuza kuti lero asayendeyende, kamera ikhale pa mayi ameneyo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. M'mutu mwake chithunzi chinali chitatha kale: funso, Tandy ali kakasi, kenako nkhope ya mkazi wamasiye ikumuyang'ana osaphethira. Ankadziwa kuti wasandutsa amayi ake chipangizo cha pa ntchito, koma anadziuza kuti n'zofunika.

Nkhosa zitakhala pansi, Benny Tull anatulukira. Ameneyu ndiye anali wotenthetsa anthu, mkulu wa mimba amene nthabwala zake zinali zisanasinthe kuchokera chaka chimene Noreen anayamba ntchito.

"Takulandirani nonse!" anakuwa Benny. "Malamulo a pano ndi awiri. Loyamba, mukamva nthabwala, sekani. Lachiwiri, mukapanda kuimva, sekani basi, mukaimvetsa kunyumba! Tiyeni tiyesere. Aaa, kumeneko n'kuseka kapena mwatsamwa? Bambo inu a dazi, ndakuonani, mukuseka ngati apongozi anu ali pafupi. Kachiwiri!"

Anaseka kachiwiri, kachitatu, kachinayi, aliyense akukweza mawu kuti aponyeredwe tisheti yaulere. Awa ndiwo anthu amene ankadzitcha ozindikira pa ndale, oti sangapusitsidwe ndi aliyense. Noreen anaima pakona atapinda manja, akudikira kuti zachibwanazi zithe.

Kenako Benny anaima pa mzere wachitatu.

"Mayi, chikwama chimenecho muli chiyani? Mwabwera ndi firiji? Tatsegulani tione. Abale inu, muli buledi ndi soseji! Mayi, mwamva kuti ku New York kuli njala? Tabwerani kuno, munthu wobwera ndi kamba ndiye mkazi amene ndakhala ndikumusaka moyo wanga wonse!"

Anawagwira dzanja n'kuwaimiritsa, oimba n'kuyamba kanyimbo, Benny n'kuyamba kugwedeza chimimba chake mowazungulira ataluma soseji. Irene anayesa kulimba, koma zinakanika. Anaseka. Anaseka chikhakhali, mutu chagada, dzanja lili pachifuwa, mpaka misozi inatsika n'kumaipukuta ndi kuseri kwa dzanja. Noreen anali asanamve kuseka kumeneko chimwalirireni bambo ake. Kunamulasa mumtima, ndipo kwa kanthawi kochepa anamukhululukira Benny nthabwala zake zonse zowola. Irene anakhala pansi atakumbatira tisheti.

Nthawi ya 5 koloko kujambula kunayamba. Gil anatulukira akuthamanga ngati mnyamata, chikhalirecho bondo lake linali lachitsulo. Anasereula nyumba ya malamulo, anasereula zipani zonse ziwiri mofanana kuti pasapezeke wodandaula, nkhosa n'kumalipira msonkho wawo. Kenako anaitana mlendo.

Hollis Tandy analowa akugwedeza manja onse awiri, mano ali mbee, tsitsi litaima ngati lopaka simenti. Anthu omwe aja amene panja ankamutcha mfiti anaimirira n'kumuombera m'manja chifukwa nyale yowauza kutero inayaka.

"Bwanamkubwa, ndiyambe ndi funso limene dziko lonse likufuna kudziwa," anatero Gil atakwinya nkhope. "Tsitsi limeneli, likamagwa mvula mumalilowetsa m'nyumba kapena limagona panja?"

"Gil, tsitsi limeneli lapambana zisankho zitatu. Iwe lako lapambana chiyani?"

Phwete. Anagwirana manja. Anaonetsa kanema wa pa nsanja, Tandy n'kubisa nkhope monga anagwirizana. Anakamba za galu mpaka galuyo akanakhalapo akanachita manyazi. Noreen ankawerenga makadi akugwa limodzilimodzi. Lachisanu. Lachisanu ndi chimodzi. Gil anatembenuza lomaliza n'kuyamba kuwerenga ndi mawu ake amasewera aja, osadziwa kumene akupita.

"Bwanamkubwa, zaka zitatu zapitazo munasaina kalata yotseka chipatala cha ku Cutler Bend. Patapita miyezi inayi, bambo wina dzina lake Leon Sadowski anafera mu ambulansi pa ulendo wa mamailosi makumi asanu ndi awiri." Apa mawu a Gil anayamba kuzilala, koma pakamwa panali patazolowera kumaliza chilichonse cholembedwa. "Mkazi wake mungamuuze chiyani?"

M'chipindamo munangoti zii.

Mano a Tandy anatsala panja okha, kumwetulira kutathawa. Anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Anayang'ana kumene kunaima womuyankhulira wake. Anagwira kapu ya madzi koma osainyamula. Noreen ankayang'ana wotchi ya pakhoma: masekondi asanu, asanu ndi atatu, khumi. Pa kagalasi ka kamera yachinayi amayi ake anali duu, maso ali pa Tandy, nkhope ija anayeserera sabata yonse. Zinali monga mmene anazilotera. Masekondi khumi ndi awiri, ndipo munthu wofuna kulamulira dziko analibe liwu ndi limodzi lomwe.

Amene analephera kupirira sanali Tandy. Anali Gil. Thukuta linali litafika kale m'kolala.

"Kapena," anatero Gil akukweza nsidze, "tingobwerera kwa galu uja?"

"Gil," anatero Tandy, mpweya utabwerera, "galu wanga amafunsa mafunso ofewa kuposa amenewa, chikhalirecho iye amaluma!"

Nkhosa zinaphulika. Zinaseka ngati zamasulidwa m'khola, zina mpaka kuomba m'manja nyale isanayake n'komwe. Sizinkaseka nthabwala, zinkangothokoza kuti wina wazichotsa pa moto, komanso Benny anali ataziuza kuti zikapanda kumvetsa ziziseka basi. Mkati mwa phokosolo Gil anatembenukira kumene kunali Noreen, nkhope ili gwaa, milomo ikutukwana mawu oti mwana aliyense akanawawerenga. Tandy anali akupukuta khosi ndi kansalu uku akulozera womuyankhulira wake chala. Phokoso litatsika, bwanamkubwa anavala nkhope ya pa maliro, nati banja limenelo alikumbukira m'mapemphero, n'kuyamba kukamba za misonkho.

Pulogalamu inkayenera kutumizidwa ku likulu la kanema pofika 7 koloko. Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu zokha, Noreen anaitanidwa ku chipinda chodulira zithunzi. Anapezako Paula Dresner, mkulu wa pulogalamu yonse, ataimirira ndi mafoni awiri m'manja, ndi Ignacio, mkulu wa imvi amene ankadula ndi kulumikiza zithunzi.

"Khala pansi, katswiri," anatero Paula. "Anthu a Tandy anditukwana khutu ili, Gil wanditukwana khutu linali. Khadi limene lija lachokera kuti?"

"Ndalemba ndine. Ndi funso loona."

"Sindinafunse ngati ndi loona. Pano tikugulitsa zoona ife? Chabwino, mwayi wako ndi woti nthabwala ya galu ija yagwira. Ignacio, muonetse."

Ignacio anaonetsa zimene anali atalumikiza. Gil anafunsa funso lija, ndipo asanapume n'komwe anapitiriza kuti, "Kapena tingobwerera kwa galu uja?" ngati kuti zonse zinali nthabwala imodzi yokonzeratu. Masekondi khumi ndi awiri aja kunalibe.

"Bwezerani pamene anasowa chonena paja," anatero Noreen. "Nkhani yonse ili pamenepo."

"Masekondi khumi ndi awiri a zii? Anthu aziyesa kanema wawo wawonongeka. Iwalako. Vuto lathu lili kutsogoloku." Paula analoza pa galasi. "Pamene anthu akuseka, Gil akutukwana, Tandy akupukuta thukuta. Kamera yakutali ikuwaonetsa onse awiri. Tiyenera kuphimba ndi nkhope ya munthu woonera, koma chitsiru cha pa kamera yachinayi chakhalira mayi mmodzi tsiku lonse. Akuti unamuuza ndiwe."

"Ikani nkhope ya mayiyo. Mmene inalili pa nthawiyo."

Ignacio anaiika. Chipinda chonse chikuseka, ndipo pakati pa phokosolo nkhope ya Irene ili duu, yowuma, maso osaphethira.

"Ayi," anatero Paula. "Nkhope imeneyo ikunena kuti Gil ndi chilombo. Ikunena kuti tonse pano ndife zilombo. Ignacio, tapa m'nkhokwe. Mayi yemweyu anaseka bwino nthawi ya Benny, ndinamuona."

Ignacio anabweza chithunzi m'mbuyo, n'kudula, n'kumata. Tandy anati galu wake amaluma, ndipo Irene Sadowski anaponya mutu chagada, dzanja pachifuwa, akuseka mpaka misozi.

"Eya!" anatero Paula. "Ndiye zimenezotu. Agogo amenewa ndi golide."

"Amenewo ndi amayi anga," anatero Noreen. "Leon Sadowski anali bambo anga."

Ignacio anachotsa manja pa makina. Paula anamuyang'ana Noreen kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo chimene chinaoneka pa nkhope yake sichinali chisoni, chinali kuwawidwa mtima kwa munthu amene waphonya malonda.

"Mkazi wamasiye weniweni anali m'nyumba muno, iwe osandiuza? Koma Noreen! Tikanamukhazika pa sofa, tikanaika piyano pansipansi, sabata yonse dziko likanakamba za ife. Wationongera zinthu." Anayang'ana wotchi. "Chabwino, mvera. Nkhope yowuma ija siituluka, ngakhale utagwada. Njira zilipo ziwiri. Tichotse khadi lonse, tidumphe kuchoka pa galu kupita pa misonkho, palibe adzadziwe kuti kunali funso. Kapena funso likhale, dzina la bambo ako limveke kwa anthu mamiliyoni awiri, koma ndi chophimba ichi. Amayi ndi ako, sankha wekha. Uli ndi mphindi zinayi."

Anatuluka akuyankha foni.

Noreen anakhala akuyang'ana nkhope ya amayi ake itaima pa galasi, pakamwa pali yasa. Anaganiza za holo ya tchalitchi, mipando yachitsulo itandandalikidwa, a kwaya atabwera ndi makeke, madalaivala okalamba atavula zipewa. Akachotsa funso, anthu onsewo adzakhala ola lathunthu akuonera za tsitsi ndi za galu, kenako adzazimitsa kanema n'kumapita osayang'anana, ndipo Irene adzakhala mayi uja ananamizidwa ndi mwana wake wa ku New York. Akalisiya, dzina lidzamveka. Anadziuza kuti dzina ndilo lofunika, kuti masekondi awiri a kuseka palibe adzawaone bwino, kuti adzawafotokozera amayi ake mmene ntchitoyi imayendera.

Ankadziwa kuti akunama. Ntchito yake yonse inali yodziwa kuti masekondi awiri amenewo ndiwo anthu amakumbukira. Koma funso lija linali lake. Analisunga zaka zitatu, analisula liwu ndi liwu, ndipo kulitaya kunali kuvomera kuti zaka khumi ndi zinayi zapita osachitapo kanthu koona ngakhale kamodzi.

"Lisiyeni," anatero.

"Noreen," anatero Ignacio motsitsa, "ndi mayi ako amenewa."

"Ndati lisiyeni. Tabwezani ndione."

Ignacio anabweza. Noreen anaonera, ndipo diso lake la ntchito linaona cholakwika mutu usanaganize.

"Mwafulumira kudula. Yambirani patsogolo pang'ono, pamene akupukuta misozi. Pamenepo ndiye pokoma."

Mawuwo atatuluka m'pamene anawamva. Ignacio sanamuyang'ane. Anakonza monga anauzidwa, ndipo zinakomadi, kuposa poyamba. Itatsala mphindi imodzi kuti ikwane 7 koloko, anadina batani, pulogalamu n'kupita. Noreen ananyansidwa ndi anthu ambiri pa moyo wake, koma sanayambe wanyansidwapo ndi munthu ngati mmene anadzinyansira pa mpando umenewo.

Anawapeza amayi ake pa benchi pafupi ndi khomo lakuseri, mdima ukuyamba kugwa. Anali atapinda tisheti ija bwinobwino pamwamba pa chikwama, ndipo ankagawana buledi ndi mlonda. Atamuona anadzuka msangamsanga, maondo akulira.

"Wamutchula!" anatero akumugwira manja onse awiri. "Leon Sadowski, dzina lonse, osaphonya. Ndipo unamuona mmene anaumira? Munthu wamkulu ngati uja, kukamwa kuli pululu ngati nsomba. Ndinawerenga mumtima, ndinafika khumi ndi ziwiri. Anthu akaona zimene zija, ndani angamuvotere?"

"Amayi, pali zina zimene amadula. Nthawi imachepa."

"Adule za galuzo, zopusa. Ndaimbira kale bambo mfumu, akuti mu holo mwayamba kudzaza, ena abwera ndi mipando yawo. Ndawauza kuti ayang'ane mzere wachitatu, diresi la buluu." Anamuyang'anitsitsa. "Ndinaoneka? Kamera ija inali pa ine nthawi yonse, ndinaiona."

"Munaoneka."

"Bwino?"

"Munaoneka bwino kwambiri, Amayi."

Irene anapumira m'mwamba, n'kunyamula chikwama chake. Anamupatsira Noreen tisheti kuti awanyamulire, ndipo anayamba kuyenda kulowera ku msewu, kumene anthu ena anali atayamba kale kufunsa za matikiti a mawa.

"Zinandiwawa, mwanangu, sindikubisire," anatero. "Pamene onse aja anaseka, anthu mazana awiri, ngakhale mtsikana amene anakhala pambali panga, ndinkafuna kudzuka n'kuwalavulira. Koma ndinakumbukira zimene unandiuza. Ndinati asiyeni aseke, alibe nzeru, sanamudziwe Leon. Chachikulu n'chakuti kwathu konse aona ndi maso awo kuti m'chipinda chonse chija, mkazi wake yekha ndiye sanaseke."